Jakisoni woteteza ku HIV asathere m'tauni mokha

Achinyamata anzathu a m'makalabu, nkhani ya jakisoni woteteza ku kachilombo ka HIV ili m'kamwam'kamwa. Pamsika pa Lupembe, kudooko ngakhalenso pabwalo la mpira, ena akuti katemera wa Edzi wapezeka, ena akuti makondomu tsopano atha ntchito. Zonse ziwirizi si zoona. Koma nkhani yeniyeni ilipo, ndipo ndi yabwino kwambiri moti tiyenera kuimvetsa bwino tisanaipotoze ndi mphekesera.

Mankhwalawa dzina lake ndi lenacapavir ndipo anapangidwa ndi kampani ya Gilead ya ku America. Munthu amene alibe kachilombo amabayidwa pansi pa khungu kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi, kutanthauza kawiri kokha pachaka. Kachilombo ka HIV kali ndi kachigoba kamene kamasungira mbewu yake, ndipo mankhwalawa amasokoneza kachigobako kuti kachilombo kakalowa m'thupi kalephere kuswana. M'chaka cha 2024 anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitika ku South Africa ndi ku Uganda pakati pa atsikana ndi amayi achitsikana oposa 5,000 a zaka zapakati pa 16 ndi 25. Mwa atsikana 2,134 amene analandira jakisoniyu, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga kachilombo. Mu July 2025 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza maiko kuti ayambe kupereka mankhwalawa.

Pali china m'kafukufukuyu chimene ife tikuona kuti n'chofunika kuchikambirana m'makalabu. Atsikana ena anapatsidwa mapiritsi oteteza a PrEP akumwa tsiku ndi tsiku, ndipo mwa iwo 55 anatenga kachilombo. Sikuti mapiritsiwo ndi achabe ayi. Munthu akamamwa mwandondomeko amatetezeka ndithu. Vuto linali lakuti atsikana ambiri sankamwa tsiku lililonse. Kodi tikudabwa? Mtsikana wa ku Lupembe amene amagona chipinda chimodzi ndi azing'ono ake angabise kuti botolo la mapiritsi? Chibwenzi chake chikalipeza chimati ndi ma ARV, mayi ake akalipeza amati wayamba uhule. Jakisoni alibe botolo lakuti munthu alipeze m'chikwama. Choncho asayansi sanangolimbana ndi kachilombo kokha, azembanso manyazi ndi kusalana zimene ifeyo talephera kuzithetsa m'midzi mwathu.

Tsono timvetsetsane. Jakisoniyu si katemera, chifukwa mphamvu yake imatha ndipo munthu ayenera kubwerera kuchipatala pa nthawi yake. Sachiza Edzi. Sateteza ku mimba, chindoko, chinzonono kapena mabomu. Ndipo palibe namwino amene angakubayeni musanayezetse magazi, popeza munthu amene ali kale ndi kachilombo akalandira mankhwala amodzi okhawa, kachilomboko kangathe kuwazolowera n'kusiya kuwamva. Wopezeka ndi kachilombo njira yake ndi ma ARV, amene akamwedwa mokhulupirika amachepetsa tizilombo m'magazi mpaka munthu sapatsiranso mnzake pogonana. Mwa malo amene anachitikira kafukufuku wa 2011 wotsimikizira kuti ma ARV amateteza wokondedwa wa munthu, panali Lilongwe ndi Blantyre.

Ife a ku Karonga sayansi si mlendo kwathu. Ku Chilumba, kum'mwera kwathu kuno, kuli akatswiri amene anayamba kafukufuku wa khate mu 1979. Ntchitoyi inadzadziwika ndi dzina lakuti Karonga Prevention Study, ndipo lero ili pansi pa bungwe la MEIRU. Akatswiriwa ankatenga timadontho ta magazi a anthu a m'midzi n'kusunga pa timapepala. Patapita zaka, atayeza magazi akalewo, anapeza kuti kachilombo ka HIV kanalipo m'boma lino kale mu 1982, pamene dziko la Malawi linalengeza za munthu woyamba wodwala Edzi mu 1985. Agogo athu ndi makolo athu anapereka magazi awo ndi nthawi yawo kuti dziko lapansi lidziwe mmene mliriwu unayendera.

Akatswiri omwewa ndiwo anapezanso chinthu chimene chikutidetsa nkhawa lero. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo ku Karonga anafika mu 2005, pachipatala chachikulu cha paboma. Pasanathe chaka, imfa za anthu akuluakulu m'dera la Chilumba zinatsika ndi 10 pa 100 aliwonse. Koma pakati pa anthu okhala pafupi ndi msewu wa tala, imfazo zinatsika ndi 35 pa 100 aliwonse. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2008 m'magazini ya madokotala ya The Lancet. Mankhwala anali amodzimodzi, ndiponso aulere kwa aliyense. Chimene chinasiyanitsa wamoyo ndi wakufa chinali minibasi. Amene ankatha kuimika galimoto pa M1 anapulumuka msanga, pamene a kumtunda kumapiri anapitiriza kuika maliro.

Tikuopa kuti zoterezi zingachitikenso. Jakisoni wina wa cabotegravir, wobaya pa miyezi iwiri iliyonse, atafika m'Malawi mu 2024 anayambira ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Sitikudandaula kuti anzathu a m'tauni athandizidwa, pakuti kumeneko kachilombo n'kofala ndithu. Koma zinthu zoyambira m'tauni zimakonda kukhazikika konko, ndipo zikafika kumpoto zimathera paboma. Nkhani ya ndalama nayo si yapafupi. Ku America lenacapavir anamuika pa mtengo woposa madola 28,000 pachaka kwa munthu mmodzi. Mwamwayi Malawi ali m'gulu la maiko 120 amene Gilead inavomera kuti adzagule mankhwalawa kwa makampani ena opanga motsika mtengo, ndipo mu September 2025 kunamveka mgwirizano wakuti kuyambira mu 2027 mtengowo udzakhala madola 40 pachaka. Zambia ndi Eswatini analandira mabokosi awo oyamba mu November 2025. Komabe tisaiwale kuti kumayambiriro kwa chaka chomwecho boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ndipo ntchito zambiri zopewera HIV mu Africa zinagwedezeka. Mankhwala akakhala ochepa, wokhala chete ndiye amamanidwa.

Alipo makolo ndi atsogoleri ena a mipingo amene akuti jakisoniyu alimbikitsa chiwerewere. Timawalemekeza, ndipo nafenso timaphunzitsa kudziletsa ndi kukhulupirika, ndipo sitisiya. Koma mawu omwewa ananenedwa pa kondomu, ananenedwanso pa mdulidwe wa abambo. Tiwafunse modzichepetsa: mtsikana amene wakwatiwa ndi msodzi woyenda madooko miyezi itatu osabwera kunyumba adziletse bwanji? Nanga mayi wogula usipa amene mwini bwato amamuuza kuti ndalama yokha sikwanira? Anthu otere si achiwerewere, koma alibe mphamvu yokakamiza mwamuna kuvala kondomu. Jakisoni ndi chida chimene mkazi angasankhe yekha popanda kupempha chilolezo usiku.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kufikira tsiku limene namwino wa pachipatala chanu adzakuuzeni yekha kuti jakisoni alipo ndipo ndinu woyenera kulandira, gwiritsani zimene muli nazo: kuyezetsa magazi, kondomu, mapiritsi a PrEP, mdulidwe, ndi mankhwala a PEP amene munthu ayenera kuyamba pasanathe maola 72 ngati wagwiriridwa kapena kondomu yaphulika. Chenjeraninso ndi aliyense wogulitsa jakisoni m'golosale kapena pamsika.

Kalabu iliyonse iitane mlangizi wa zaumoyo kapena namwino pamsonkhano wake wa mwezi uno, ndipo nkhaniyi ifotokozedwe m'Chitumbuka ndi m'Kyangonde kuti amene sanapite patali ndi sukulu amve. Kenaka makalabu alembe kalata imodzi, kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'dera, yopita kwa mkulu wa zaumoyo m'boma la Karonga ndi ku National AIDS Commission. Kalatayo ifunse kuti zipatala zing'onozing'ono monga cha Lupembe zili pati pa ndondomeko yogawa mankhwalawa, ngati anamwino oyendera midzi ndi madooko adzaloledwa kubaya, komanso ngati mtsikana wosakwatiwa adzathandizidwa mwachinsinsi popanda kufunsidwa kuti mwamuna wake ali kuti. Pansi pa kalatayo pasainenso makalabu a kumtunda, kutali ndi tala.