Musanagule galimoto ya otomatiki, yambani mwaona mafuta a m'giyabokosi

Masiku ano munthu wa ku Cobue akapeza ndalama, kaya ndi za usipa, za golide wa ku Lupilichi kapena za ku Joni, maganizo ake amathamangira pa galimoto yaikulu yokoka ndi mateyala onse anayi. Palibe womudzudzula, pakuti msewu wa dothi wochokera ku Metangula sufuna kagalimoto ka m'tauni. Koma zambiri mwa galimoto zakale zimene zikuchokera ku Japan ndi ku South Africa ndi zosintha magiya zokha, zija timati otomatiki, ndipo zili ndi nthenda ina yobisika imene ogula ambiri saidziwa. Ife tikuti munthu asapereke ndalama yake asanaone ndi maso ake mafuta a m'giyabokosi.

Nthendayi imayamba motere. Mafuta a m'giyabokosi ya otomatiki amatentha kwambiri, makamaka pokwera mapiri ndi katundu wolemera. Pofuna kuwaziziritsa, opanga galimoto zambiri adawadutsitsa m'kapaipi kamene kali m'kati mwa rediyeta, momwe muli madzi oziziritsa injini. Chimene chimalekanitsa madzi ndi mafutawo ndi kachitsulo kopyapyala basi. Kachitsuloka kakachita dzimbiri kapena kung'aluka, ziwirizi zimasakanikirana. Choipitsitsa nchakuti injini ikazimitsidwa, mphamvu ya mafuta imatha nthawi yomweyo pamene madzi a m'rediyeta akadali otentha ndi ofufuma, choncho amakankhidwira m'giyabokosi galimoto ili chiimire pabwalo.

Madzi akalowa amasungunula guluu amene amamatira zikopa za makilatchi a m'kati, amachititsa dzimbiri zitsulo, ndipo amaononga timavalavu ndi zamagetsi zimene zimalamula magiya. Zikafika apa, kusintha mafuta kokha kawirikawiri sikuchiza kanthu. Giyabokosi imafunika kuiphwasula yonse kapena kugula ina, ndipo mtengo wake umaposa kutali wa rediyeta yatsopano.

Izi si nkhambakamwa chabe. Ku America eni ake a Nissan Pathfinder, Xterra ndi Frontier zopangidwa kuyambira 2005 mpaka 2010 adadandaula ambiri za vuto lomweli. Mu 2010 kampani ya Nissan idatalikitsa chitsimikizo cha rediyeta ya galimotozi kufika zaka 8 kapena mamailosi 80,000, amene ndi makilomita pafupifupi 129,000. Eni galimoto atapita kukhoti, nthawiyo idafika zaka 10 kapena mamailosi 100,000, mwini wake nkulipirako gawo lina. Chitsimikizo chimenecho chidali cha kwawo komweko ndipo chidatha kale. Nayonso Toyota 4Runner ya 1996 mpaka 2002, imene ku Japan imatchedwa Hilux Surf ndipo timaiona m'misewu yathu, imadziwika ndi vutoli rediyeta yake ikakalamba. Tsono nkhani si ya dzina la kampani imodzi ai. Galimoto iliyonse ya otomatiki imene mafuta ake amadutsa m'rediyeta yokalamba ili pa chiopsezo.

Kwa ife a m'mphepete mwa nyanja chiopsezocho nchachikulu pa zifukwa zitatu. Choyamba, ambiri timathira m'rediyeta madzi a m'nyanja kapena a mumtsinje m'malo mwa madzi a mankhwala aja a mtundu wobiriwira kapena wofiira, amene amaletsa dzimbiri. Chachiwiri, chitunda chochokera kunyanja kukafika ku Lichinga chimatenthetsa giyabokosi ulendo uliwonse. Chachitatu, galimoto ya otomatiki siilira poikankha, ndipo kuikoka mtunda wautali mateyala ali pansi, injini itazima, kumaionongeratu chifukwa pampu ya mafuta imakhala itaima. Ikafa pakati pa Cobue ndi Metangula pafunika lole yoti iinyamule. Tikumbukirenso kuti galimoto imodzi ya m'mudzi ndiyo imanyamula mayi wodwala usiku, nsomba zouma ndi ana a sukulu. Ikagona pansi, amene avutike si mwini wake yekha.

Kodi wogula achite chiyani? Injini ikadali yozizira, atsegule chitsekero cha rediyeta ndi kabotolo ka madzi ka pambali pake. Akaona mafuta akuyandama kapena thovu lokhuthala, aleke pomwepo. Kenaka asolole kandodo koyezera mafuta a m'giyabokosi nkukapukutira pa pepala loyera. Mafuta abwino amakhala ofiira ndi oonekera. Osakanikirana ndi madzi amaoneka ngati mkaka wothiramo zofiira kapena ngati tiyi wamkaka. Galimoto zina zilibe kandodo kotere, choncho makaniko amasule bawuti nkudonthetsa pang'ono m'botolo loyera. Pomaliza aiyendetse mpaka itenthe, aikweze chitunda, amvetsere ngati ikunjenjemera, ikuchedwa kugwira giya kapena injini ikulira pamene liwiro silikuonjezereka.

Achenjerenso ndi galimoto yakale imene ili ndi rediyeta yonyezimira ndi mafuta othiridwa dzulo. Mwina mwini wake ndi wosamala, komanso mwina akubisa bala. Afunse chifukwa chake ndi kuona malisiti. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti wowala ndi wailesi yokoma sizikweza galimoto phiri.

Ena anena kuti otomatiki ndi yosavuta kuyendetsa ndipo mumchenga imakoka mosadukiza. Zimenezo nzoona, ndipo sitikuti anthu aileke. Koma amene waisankha awerengere limodzi ndi mtengo wake ndalama ya rediyeta yatsopano, kapena ya kachoziziritsa mafuta kapadera komangirira kutsogolo, kamene kamachotseratu mafutawo m'rediyeta. Asiye kuthira madzi a m'nyanja, ndipo akaoloka mtsinje wodzaza aonenso mafuta, chifukwa madzi amalowanso pa kabowo kopumira giyabokosi. Amene sangakwanitse zimenezi ndi bwino agule ya magiya a pamanja, imene amakaniko athu amaidziwa bwino ndipo ilibe kapaipi kameneka.

Kwa ogulitsa a ku Lichinga, Nampula ndi kwina kulikonse tikuti lolani wogula abwere ndi makaniko wake. Wokana kuti mafuta aonedwe wadziulula yekha. Ndipo kwa inu abale athu a ku Cobue, ndalama ya nsomba imabwera ndi usiku wambiri wa mwera ndi mphepo panyanja, choncho musachite manyazi kufunsa ndi kugwada pansi pa galimoto musanalipire. Safunsa adadya phula.