Malamulo a nkhongole za nyumba asintha kambiri, koma anthu a m'makomboni akali kunja kwa banki

LUSAKA. Ku Kanyama, Chawama ndi George kuli nyumba zambiri za mabuloko zimene eni ake amanga pang'onopang'ono, cipinda cimodzi caka cino, malata caka camawa. Zina mwa nyumbazi zimabweretsa ndalama za lendi mwezi ndi mwezi. Koma mwini wake akapita ku banki kukapempha nkhongole ndi kuika nyumbayo monga cikole, kawirikawiri amabwerako cimanjamanja. Banki imayamba yaona mapepala isanaone nyumba, ndipo malamulo okhudza mapepalawo akhala akusintha pafupifupi ndi boma lililonse.

Gwero la nkhaniyi ndi caka ca 1974, pomwe boma la Dr Kenneth Kaunda linakhazikitsa lamulo la Housing (Statutory and Improvement Areas) Act. Lamuloli linavomereza makomboni amene kale anali kuonedwa ngati osaloledwa, ndipo Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inathandiza kukonza malo monga George ndi Chawama. Anthu okhala m'malo otere anayamba kupatsidwa cikalata ca khonsolo cochedwa occupancy licence, cimene cimalola munthu kukhala pamalopo kwa zaka 30. Cikalataci cinathetsa mantha ogwetseredwa nyumba, koma mwini malo anakhalabe khonsolo.

Mu 1975 boma lomwelo linathetsa umwini wa malo wamuyaya. Malo opanda cimango analibenso mtengo pamalamulo, ndipo kuwaika monga cikole kunafuna cilolezo ca Mtsogoleri wa dziko. Boma la a Frederick Chiluba linatembenuza zimenezi ndi lamulo la malo la 1995, limene linabwezeretsa malonda a malo pansi pa mgwirizano wa zaka 99. Mu 1996 nyumba za khonsolo, kuphatikizapo za ku Matero, zinayamba kugulitsidwa kwa amene anali kukhalamo. Mu 2015 lamulo la Urban and Regional Planning Act linalowa m'malo mwa lija la 1974, koma cikalata ca zaka 30 cinatsalabe.

Motero mu mzinda umodzi muli mapepala a mphamvu zosiyana. Amene ali ndi taitolo ya zaka 99 angathe kulembetsa nkhongole pa nyumba yake. Amene ali ndi cikalata ca zaka 30, mabanki ambiri amamukayikira, cifukwa munthuyo akalephera kubweza, nyumbayo ndi yovuta kugulitsa. Enanso ambiri ali cabe ndi kalata yogulirana yolembedwa pamanja pamaso pa mboni.

Pamene mapepala a malo anali kuyenda mwa cizengereza, malamulo oyang'anira mabanki anali kulimba msanga. Lamulo la Financial Intelligence Centre la 2010 limakakamiza banki kudziwa bwino kasitomala wake ndi kumene ndalama zake zimacokera. Kuyambira mu 2017 aliyense amene ali ndi akaunti ku banki afunika kukhala ndi nambala ya msonkho ya TPIN yocokera ku bungwe la ZRA. Caka comweco kunabwera lamulo latsopano la mabanki, ndipo mu 2018 kunabweranso lamulo lokhudza mbiri ya nkhongole za munthu aliyense.

Malamulowa ali ndi colinga cabwino, popeza ndalama zimene banki imabwereketsa ndi za anthu amene anasungitsa kumeneko. Wanchito wa banki amene wavomereza nkhongole popanda umboni wokwanira amaika bankiyo pa mlandu ku Bank of Zambia. Vuto ndi lakuti umboni wofunidwawo, monga pepala la malipiro a pamwezi, ndi wa anthu olembedwa nchito. Kalipentala wa ku Kalingalinga kapena mayi wogulitsa pa msika wa Mtendere angapeze ndalama zoposa za kalaliki wa mu ofesi, koma alibe pepala losonyeza zimenezo.

Ngakhale mapepala atakwana, pamatsala nkhani ya ciwongola dzanja. Mu April 2012 Bank of Zambia inayambitsa mlingo umene mabanki amatsatira poika ciwongola dzanja, ndipo unayambira pa 9 peresenti. Mu January 2013 mabanki analetsedwa kupitirira 18.25 peresenti. Malirewa anacotsedwa mu November 2015, pomwe kwacha inagwa mphamvu ndipo mlingo uja unakwezedwa kufika pa 15.5 peresenti. Unatsika kufika pa 8 peresenti mu 2020, koma mu February 2025 unali utafika pa 14.5 peresenti.

Nkhongole zambiri za nyumba zimatsatira mlingowu, ndipo ukakwera, ndalama zobweza pamwezi nazonso zimakwera. Mwacitsanzo, munthu amene wabwereka K300,000 pa 25 peresenti amayenera kupeza K6,250 pamwezi ya ciwongola dzanja cokha m'caka coyamba, asanayambe kucepetsa nkhongole yeniyeniyo. Nalonso bungwe la Zambia National Building Society, limene linakhazikitsidwa mu 1970 kuti lithandize anthu kukhala ndi nyumba, limayang'aniridwa ndi Bank of Zambia ndipo silingalumphe malamulowa.

Msonkho wosinthira umwini wa nyumba nawo sunakhazikike. Unakwera kucoka pa 5 kufika pa 10 peresenti mu 2014, unabwerera pa 5 mu 2016, ndipo mu 2025 unakwezedwa kufika pa 8 peresenti. Msonkho ukakwera, ogulitsana ena amangopatsana makiyi osasintha dzina pa mapepala. Zotsatira zake, wogula amakhala m'nyumba imene pamalamulo ikali ya munthu wina, ndipo banki singailandire.

Boma linayambitsa nchito yopereka mataitolo m'dziko lonse ndi colinga cofikira malo 4 miliyoni, ndipo makomboni ena a mu Lusaka anapimidwa nyumba ndi nyumba. Taitolo imateteza banja, makamaka akazi amasiye ndi ana pamene mwini nyumba wamwalira. Komabe taitolo payokha siitsitsa ciwongola dzanja, ndiponso siisandutsa wamalonda wa pa msika kukhala wolandira malipiro a pamwezi.

Akatsekeredwa khomo la banki, anthu amadalira cilimba ndi magulu osungitsa ndalama, amene amakwanira kugula matumba ocepa a simenti. Ena amapita kwa a kaloba, ndipo kumeneko mapepala omwe banki inakana amalandiridwa ndi manja awiri, mpaka mabanja ena kutaya nyumba cifukwa ca nkhongole yaing'ono. Ici n'cifukwa cake Unduna wa za Malo, khonsolo ya Lusaka ndi Bank of Zambia afunika kumvana pa mfundo ziwiri: pepala la nyumba limene banki iliyonse ingalandire, ndi umboni wa mapezedwe a ndalama umene munthu wodzilemba yekha nchito angakwanitse kuonetsa.