Nkhani ya ogonana okhaokha: atsogoleri a mipingo akhale pansi amve

Munthu akaima pagombe la Cobue kunja kutayera amaona chilumba cha Likoma, ndipo boti likanyamuka silichedwa kukocheza. Anthu a tsidya lino ndi a tsidya ilo ndi amodzi: amakwatirana, amagulitsana usipa, amaikirana maliro, ndipo ambiri amapemphera mu mpingo wa Anglican umene amishoni a UMCA adaudzala ku Likoma ndi ku Messumba. Koma pa nkhani ya amuna kapena akazi ogonana okhaokha, malamulo a mbali ziwirizi adasiyana. Ku Malawi munthu angathe kulamulidwa kukakhala kundende zaka 14, ndipo mu June 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dzikolo lidakana kuchotsa lamulolo, patapita chaka atsogoleri a zipembedzo atatsogolera zionetsero mu July 2023. Kuno ku Mozambique lamulo la atsamunda a Chipwitikizi la mu 1886 lidatha mphamvu mu June 2015.

Chimene chachitika kuno chiyambire 2015 n'choyenera kuchiganizira mofatsa. Boma silidatseke tchalitchi, silidakakamize wansembe kudalitsa ukwati umene chikhulupiriro chake chimakana, ndipo maukwati a amuna kapena akazi okhaokha saloledwa mpaka lero. Chidachotsedwa ndi chilango cha boma basi. Apa taphunzira kuti tchimo ndi mlandu wa kupolisi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mpingo uli ndi ufulu wophunzitsa zimene umakhulupirira popanda kubwereka unyolo wa boma. Papa Francis, amene sadasinthe chiphunzitso cha Katolika pa ukwati, adanena poyera mu January 2023 kuti khalidweli lisamatengedwe ngati mlandu. Komabe kusintha kwa lamulo sikudabweretse kumvana. Bungwe la Lambda, loimira anthu amenewa, lidapempha kulembetsedwa kuboma mu 2008 ndipo lidadikira zaka zoposa khumi osayankhidwa. M'midzi yathu nkhaniyi imakambidwa monong'ona kapena mwachipongwe, ndipo eniake sapatsidwa mpata woyankhula.

Mkhristu wolimba pa chikhulupiriro angafunse kuti, kukhala pansi ndi anthu otere si kuvomereza tchimo kodi? Funsoli n'lochokera pansi pa mtima ndipo tisalinyoze. Yankho lili m'zimene mipingoyo idagwirizana yokha. Mu 1998 mabishopu a Anglican pa msonkhano wa Lambeth adagamula kuti kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha sikugwirizana ndi Malemba. Ambiri amakumbukira mbali imeneyo. Koma chigamulo chomwecho chidalonjezanso kuti mpingo udzamvetsera zimene anthuwa amakumana nazo, ndipo chidadzudzula kuwaopa kopanda maziko. Katekisimu wa Katolika nayenso amalamula kuti alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, osasalidwa mopanda chilungamo. Choncho wansembe kapena katekisiti amene wakana ngakhale kumva chabe, wasunga theka la chiphunzitso cha mpingo wake n'kutaya theka linalo.

Ena amati zonsezi n'za azungu, zobwera ndi ndalama zakunja. N'zoona kuti maiko opereka thandizo nthawi zina amayankhula mwaukali ngati akulamula ana, ndipo kutero kumaumitsa mitima. Koma lamulo limene Mozambique idachotsa lidachokera ku Lisbon, ndipo la ku Malawi lidabwera ndi Angerezi. Amene adalembera kalata atsogoleri a mu Africa mu 2014 kupempha kuti anthuwa alemekezedwe ndi Joaquim Chissano, mtsogoleri wathu wakale. Choposa zonse, anthu amene tikukamba si alendo. Ganizirani mnyamata wobatizidwa konkuno, amene amakoka nawo khoka usiku, koma akadwala sapita kuchipatala chifukwa namwino amaimba kwaya limodzi ndi mayi ake, ndipo akuopa kuti mawa mudzi wonse udziwa. Matenda akamudya chamumtima, olira maliro ndife tomwe.

Omenyera ufulu nawonso ali ndi dandaulo lolemera: tikhalirenji pansi ndi anthu amene amatitcha ochimwa pa guwa? Amene adamenyedwapo kapena kuthamangitsidwa pakhomo sangauzidwe mwachibwana kuti aiwale. Komabe kuno kunyanja, kumene khothi lili kutali ndipo ngakhale ku Metangula ndi ulendo, amene angaletse gulu la anthu okwiya ndi mfumu, wansembe ndi amayi a mpingo. Womenyera ufulu akayamba ndi kutcha wokhulupirira aliyense mbuli kapena wodana ndi anthu, watseka khomo la munthu yekhayo amene akadateteza mnyamata uja. Ayenera kulola kuti mnzakeyo atuluke m'kukambiranako chikhulupiriro chake chili chomwecho.

Dziko lino likudziwa kuti adani amakambirana. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathera pa mgwirizano wa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo ena mwa amene adaukonzera njira ndi Arkibishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Bishopu Dinis Sengulane wa Anglican. Iwo adayankhula ndi anthu amene manja awo adali ndi magazi, popanda kuvomereza zimene adachita. Mipingo imene idatha zimenezo singalephere kumva mwana wa mumpingo mwake.

Kukambiranako kuyambe mwakachetechete, pa anthu ochepa, pamalo amene woyankhula sadzaululidwa, ndipo za ukwati ziyambe zaikidwa pambali poti pamenepo sagwirizana msanga. Pali zina zimene angamvane lero lomwe: kuti pasakhale womenyedwa, kuti chinsinsi cha wodwala chisatuluke m'chipatala, kuti kholo lisapirikitse mwana pakhomo, ndiponso kuti ulaliki usatchule munthu dzina kapena kumuloza chala. Atsogoleri a dayosizi ya Niassa ndi anzawo a Katolika ku Lichinga ali ndi mphamvu zoitanitsa msonkhano wotere, ndipo mafumu a m'boma la Lago ayenera kukhalapo.