Mwana Wodwazika Nayenso Apume

Azana ya m'bandakucha isanamveke, m'midzi yathu ya m'mbali mwa nyanja muli ana amene amakhala atadzuka kale. Mmodzi wa iwo tonse tikumudziwa, kaya tili ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota. Ndi mtsikana wa zaka 12 kapena 13. Agogo ake anachita sitiroko chaka chatha ndipo mbali imodzi ya thupi inafa. Iyeyo ndiye amawatembenuza usiku kuti asatuluke zilonda, amawasintha nsalu akadziipitsira, amakachapa nsaluzo kugombe anthu asanachuluke, amaphika phala n'kuwamwetsa pang'onopang'ono. Belu la kusukulu likamalira, iye amakhala akuyanika mphasa padzuwa.

Ife tikamadutsa pakhomopo timaima n'kuyamikira. Timati mwana ameneyu ndi wodalitsika, analeredwa bwino, mphoto yake ili kwa Allah. Tikatero timapitiriza ulendo wathu mtima uli m'malo. Koma tikadzifunsa moona, chiyamikiro chimenechi chasanduka njira yathu yothawira udindo. Mwana wodwazika matenda amafunika kupuma, ndipo kukatchula dzina lake kwa anthu ndi mabungwe amene angamupumitse si kuchititsa manyazi banja. Chochititsa manyazi ndi kumuona akutha ngati sopo ife tili chete.

Tiyambe ndi funso ili: zinatheka bwanji kuti katundu wa anthu akuluakulu agwere mwana? Kale munthu akadwala, mbumba yonse inali pafupi. Mwini mbumba ankaitanitsa alongo ake n'kugawa masiku odwazika. Lero mwini mbumbayo ali ku Johannesburg, mphwake ali ku Durban, ndipo amayi a mtsikanayo amalawirira kukapikula usipa kuti pakhomo pasagonedwe ndi njala. Ndalama za ku Joni zimafika pafoni, ndipo tikuthokoza, koma ndalama sizinyamula wodwala kupita naye kuchimbudzi. Nawonso matenda asintha. Sitiroko, shuga, khansa, khunyu ndi matenda a maganizo si malungo oti pakatha sabata munthu wadzuka. Amatha zaka. Choncho mwana amene anauzidwa kuti ajombe masiku awiri okha amapezeka kuti wajomba teremu yonse.

Mtengo wake amalipira ndi mwanayo. Pulayimale yaulere inayamba m'dziko muno mu 1994, koma sukulu yaulere ilibe phindu kwa mwana amene sangachoke pambali pa mphasa. Akafika m'kalasi amasinza, aphunzitsi n'kumutcha waulesi. Mayeso a Sitandade 8 akamayandikira, anzake amawerenga pamene iye akusaka njinga yakabaza yopititsira agogo kuchipatala. Kumadrasa nako dzina lake limafufutika mwakachetechete. Msana umamupweteka chifukwa chonyamula munthu wolemera kuposa iye. Ndipo ambiri mwa ife tinaonapo mathero ake: mtsikana wotopa, woti sukulu inamutaya kalekale, amavomera mwamuna woyamba kumulonjeza moyo wina. Mu 2017 Malamulo Aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 azitengedwa kuti ndi mwana, ndipo ukwati wa msinkhu umenewo ndi woletsedwa. Timadzudzula maukwati a ana pamisonkhano, koma sitifuna kuona khomo limene ena mwa anawo amatulukira popita ku ukwatiko. Anyamata nawonso alimo: alipo amene masana amatsogolera agogo osaona, usiku n'kupita kukathandiza asodzi kuti apeze ya mankhwala.

Kumayiko ena vutoli analipatsa dzina. Ku England, lamulo la ana ndi mabanja la 2014 linalamula makhonsolo kuti azifufuza zosowa za mwana aliyense amene akusamalira wodwala pakhomo. Mphunzitsi, dokotala kapena kholo amatha kutumiza dzina la mwana wotere ku bungwe lachifundo, ndipo bungwelo limamukonzera nthawi yoti achokeko pakhomo, akasewere ndi anzake, akagone tulo tosadukiza. Sitikunena kuti tikopere zonse za kumeneko. Phunziro lake ndi limodzi: thandizo limayamba pamene munthu wamkulu wavomereza kuti mwanayu akugwira ntchito yoposa msinkhu wake, n'kukanena kumene kungachokere thandizo.

Kwathu kunonso makomo ogogodapo alipo. Boma lililonse lili ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limazindikira kuti pali ana ofunika chisamaliro ndi chitetezo chapadera. Pali nambala yaulere ya 116, imene bungwe la YONECO limalandirirapo nkhani za ana. Pali alangizi a zaumoyo amene amayendera midzi yathu, ndi magulu a amayi a m'masukulu amene amalondola ana ojomba. Ku Salima kuli Ndi Moyo, malo osamalira odwala matenda osachiritsika ndi kuwachepetsera ululu. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, anakonzedwera mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, ndipo amaonjezerapo kangachepe pa mwana aliyense amene ali pasukulu. Si onse amene angakonzere mwana tchuthi, ndipo si aliyense wogogoda amene amatsegulidwa tsiku lomwelo. Koma palibe ndi mmodzi yemwe mwa iwowa amene angathandize mwana woti dzina lake sanalimvepo.

Nanga n'chifukwa chiyani sitikanena? Zifukwa zake timazidziwa, ndipo tiziyankhe chimodzichimodzi.

Ena amati kusamalira makolo ndi lamulo la chipembedzo, ndiye mwana asalandidwe madalitso ake. N'zoona kuti Chisilamu chimaika kuchitira zabwino makolo pamalo apamwamba kwambiri, ndipo palibe akunena kuti mwana asatungire madzi agogo ake. Koma lamulolo likuyamba ndi ife ana a wodwalayo, amene tili ndi ndevu ndi maukwati athu, lisanafike kwa mdzukulu. Chipembedzo chomwechi sichikakamiza mwana wosatha msinkhu kusala m'mwezi wa Ramadhan. Chimalola wapaulendo kufupikitsa swala, ndi wodwala kumasula n'kudzabweza masiku ake pambuyo. Ngati mwamuna wamphamvu zake amapeputsidwa chifukwa cha ulendo, ife tatenga kuti chilolezo chosenzetsa mtsikana wa zaka 12 ntchito ya usana ndi usiku popanda tsiku lopuma? Ndiponso kuzonda odwala ndi udindo wa Asilamu onse a pamalopo. Tausandutsa moni wa pakhomo, wa mphindi zisanu, manja ali kumbuyo.

Ena amati za m'nyumba siziululidwa, ndipo anthu adzati banja lakuti lalephera kusunga mayi wawo. Kubisirana zofooka ndi khalidwe labwino, koma apa tikubisa chiyani? Matendawo mudzi wonse ukuwadziwa. Nsalu zimene mwanayo amachapa m'mamawa amayi onse a pagombe amaziona. Chimene tikuteteza ndi ulemu wa akuluakulu amene sakufuna kufunsidwa kuti ali kuti, ndipo ulemu umenewo ukugulidwa ndi tsogolo la mwana.

Enanso amaopa kuti mabungwe ambiri ndi a zipembedzo zina, mwina mwana akadyetsedwa zoletsedwa kapena akaphunzitsidwa zosemphana ndi chikhulupiriro chathu. Nkhawa imeneyi sitiyipeputsa. Kholo lili ndi ufulu wofunsa kuti mwana akagona kuti, akadya chiyani, akhala ndi yani, ndipo akapeza malo oswalira kapena ayi. Bungwe lokana kuyankha mafunso amenewa tisalipatse mwana wathu. Tichenjerenso ndi wachibale amene amabwera ndi mawu okoma oti amutenge mtsikana akapumeko kutauni, kumene akukamusandutsa wantchito wa m'nyumba. Koma wokana mbale ya mnansi abwere ndi yake. Ngati sitikufuna kuti ana athu apumitsidwe ndi ena, tiwapumitse tokha. Kukana zonse ziwiri n'kuitcha nsanje ya chipembedzo ndi kudzinamiza.

Pali amene amafunsa kuti masiku awiri opuma athandiza chiyani, poti mwanayo abwereranso ku mphasa yomweyo. Wofunsa chotere sanadwazikepo. Aliyense amene anagonapo pansi m'chipatala sabata yathunthu akudziwa kufunika kwa usiku umodzi wa tulo. Kwa mwana wa sukulu, masiku awiri pa sabata ndiwo amasiyanitsa wolemba mayeso ndi wosiyira panjira. Komanso munthu wamkulu akakhala pambali pa wodwala tsiku lonse, amaona zimene mwana sakanatha kunena: kuti mankhwala anatha kalekale, kuti chilonda chayamba kununkha, kuti m'nyumbamo ufa mulibe.

Tisanamizire kusowa nthawi. Tsiku limene agogo aja adzatisiye, mudzi wonse udzapezeka pakhomopo. Nkhuni zidzabwera, mpunga udzapezeka, a ku Joni adzatumiza ndalama tsiku lomwelo, ndipo amayi adzagona pamenepo. Nthawi imene timaipeza ya maliro ndi yomweyo imene tikuti palibe pamene wodwala ali moyo ndipo mdzukulu wake akulephera kupita kusukulu.

Zoyenera kuchita si zovuta kuzimvetsa. Komiti ya mzikiti uliwonse ikhale pansi ndi amayi a dawa ndi aphunzitsi a madrasa, alembe makomo amene wodwazika wamkulu ndi mwana. Apite kukacheza ndi banjalo mwaulemu, ndipo mwanayo afunsidwe payekha zimene zikumulemera, pakuti pamaso pa akulu adzangoti zonse zili bwino. Agawane masiku, amayi kwa odwala aakazi, abambo kwa odwala aamuna, kuti mwanayo akhale ndi masiku odziwika opita kusukulu ndi usiku wogona kwa azakhali ake. Teremu ya mayeso ikafika, amasulidwe kotheratu. Banja likavomera, dzina lake liperekedwe kwa mlangizi wa zaumoyo, kwa mphunzitsi wamkulu ndi ku ofesi ya chisamaliro cha anthu, ndipo wina wa komitiyo azikafunsa kumene nkhaniyo yafika. Pogawa zakaat ndi sadaka, makomo amenewa akhale m'gulu loyamba. Ndipo inu achimwene amene muli kunja, pa ndalama zimene mumatumiza patulanipo yolipira munthu wamkulu wodwazika, ngakhale masiku atatu pa sabata.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo ankanena za mutu wa munthu wamkulu. Lachisanu likubwerali, tikamatuluka mumzikiti, tifunsane kuti ndi mwana uti wa m'mudzi mwathu amene sanagone usiku wapitawu, ndipo ndani mwa ife akamulandire mawa m'mawa kuti apite kusukulu.