Mafuwa Atatu Si Utatu Woyera

Chaka ndi chaka, likafika Lamulungu la Utatu Woyera, timamva zitsanzo zomwezomwezo. Wina amati Mulungu ali ngati mafuwa atatu ochirikiza mphika umodzi. Wina amati ali ngati madzi, amene akazizira amauma gwa, akawira amasanduka nthunzi. Ife achinyamata timagwedeza mitu, n'kutuluka m'tchalitchi tili okondwa kuti tamvetsa. Abale ndi alongo, sitinamvetse ayi, tasokeretsedwa mwaulemu.

Fuwa limodzi palokha siliphika nsima, pakuti ndi gawo chabe. Kodi Atate ndi gawo limodzi la Mulungu? Iyayi! Atate ndi Mulungu wathunthu, Mwana ndi Mulungu wathunthu, Mzimu Woyera chimodzimodzi. Za madzizo ndiye zoopsa koposa, chifukwa madzi omwewo amangosintha maonekedwe. Maganizo otere ndi amene ankaphunzitsa Sabellius, yemwe Papa Callixtus adamuchotsa mu Eklezia cha m'ma 220. Ngati Mwana ndi Atate amene angosintha malaya, nanga m'munda wa Getsemani Yesu ankapemphera kwa yani?

Augustino Woyera, m'buku lake lotchedwa De Doctrina Christiana limene adaliyamba cha m'ma 397, adasiyanitsa chizindikiro ndi chinthu chimene chizindikirocho chikuloza. Utsi umaloza moto, komatu palibe amene amawotha utsi. Ndipo msonkhano wa aepiskopi wa ku Lateran m'chaka cha 1215 udaphunzitsa kuti ngakhale cholengedwa chifanane bwanji ndi Mlengi, kusiyana kwawo kumakhalabe kwakukulu koposa.

Sitikuletsa zitsanzo, Ambuye Yesu amene ankaphunzitsa m'mafanizo. Chimene tikukana ndi ulesi wopereka chitsanzo osanena pamene chikutsimphina. Mwana wa Tilitonse wodziwa mafuwa okha, mnzake akadzamuuza kusukulu kuti Akatolika amapembedza milungu itatu, adzayankha chiyani? Miyala itatu ndi itatu basi.

Chonsecho tili nacho kale chizindikiro chimene Eklezia adatipatsa, chija cha mtanda, chimene ambiri a ife timachichita mothamanga ngati tikuingitsa ntchentche. Tamvetserani mawu ake, ochokera pa Mateyu 28:19. Timatchula Apersona atatu, koma timati "dzina", osati "maina". Ndipo pomwe pakamwa pakutchula Atatuwo, dzanja likulemba pathupi pathu mtanda umene Mwana adadziperekerapo kwa Atate mwa Mzimu Woyera. Akatekisiti athu, yambirani pamenepo. Mafuwa asiyeni kukhitchini.