Buku la guluu silifika kwa adzukulu

Kwathu kwa Zulu, ku Mchinji, agogo anga ali ndi Buku Lopatulika lomwe anagula ine ndisanabadwe. Layenda m'maliro osawerengeka, lanyowapo ndi mvula, utsi walidetsa, koma palibe tsamba lomwe linathothoka. Buku la nthano za Chichewa lomwe ndinagulira mlongo wanga chaka chatha, pofika teremu yachiwiri linali litayoyoka kale.

Musathamangire kunena kuti ana a masiku ano ndi osasamala. Nkhani yagona pa kapangidwe.

Buku lolimba amachita kulisoka. Pa chipepala chachikulu chimodzi amasindikizapo masamba 16, asanu ndi atatu mbali iliyonse, n'kuchipinda katatu. Timagulu totere amatisanja mwandondomeko, n'kutisoka ndi ulusi popindidwa penipenipo. Kumsana amamatako kansalu, mbali zitatu zinazo n'kuzidula kuti zifanane. Chikuto ndi katoni wolimba wokutidwa ndi nsalu, ndipo dzina la buku amalidinda ndi chitsulo chamoto. Kenako amalipanikiza mpaka liume. Maiko ena akasindikiza ochepa chabe otere, tinene 200, lililonse amalilemba nambala yake pamanja, mlembi n'kusainapo.

Lotchipa lija amangodula msana wonse, masamba n'kutsala limodzilimodzi, kupaka guluu, basi. Mukalifunyulula kangapo, guluu uja amasweka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama za chikuto cholimba timazipeza tikafuna. Pomaliza ku yunivesite, ineyo ndinalipira kuti kafukufuku wanga amukute bwino, zilembo zagolide pamwamba. Wachingerezi, ndipo omuwerenga sanakwane asanu. Pomwe Nthondo, buku lomwe a Samuel Josia Ntara anatulutsa mu 1933, mwana wa kwa Zulu akalipeza kuti lero? Nanga Kukula ndi Mwambo la a John Gwengwe? Zoona, abale, pepala langa lopezera digiri n'lofunika kuposa amenewa?

Mudzati n'zodula, anthu akusowa ya feteleza. Ndikudziwa, ndimakhala komweko. Sindikunena kuti buku lililonse likhale losoka. Lotchipa lizikhalapo kuti aliyense agule. Koma buku la sukulu limadutsa m'manja mwa ana makumimakumi. Mukagula lomata katatu m'zaka zisanu, mwapulumutsa chiyani? Osindikiza athu asankhe mabuku a Chichewa angapo omwe tonse timawalemekeza, asoke ochepa chabe, apite ku malaibulale ndi ku sekondale za kumudzi. Otsalawo tigule ife amene timadzitcha ophunzira, ife omwe sitidandaula za mtengo wa suti ya tsiku la digiri.

Baibulo lathunthu la Chinyanja linatuluka mu 1922, ndipo eni ake analiona kuti n'loyenera ulusi. Ife mabuku athu timawaona bwanji?

Mlongo wanga uja wamanga lake ndi mphira ya chubu cha njinga. Masamba omalizira anatayika, moti mpaka pano sakudziwa kuti nkhaniyo inatha bwanji.