Moto wa M'botolo Sasewera Nawo

Makolo athu ankaupatsa moto ulemu wake. Mwana sankaloledwa kuthamanga ndi chikuni pakati pa nyumba zofolera ndi udzu, ndipo mayi sankapita kukagona asanafotsere makala ndi phulusa. Moto umenewo unkaoneka ndi maso, utsi wake unkachenjeza munthu akali patali. Koma lero m'nyumba zina za pa boma la Mulanje ndi pa Chitakale, m'maesiteti a tiyi ndiponso m'malo ogona alendo, mwalowa moto wa mtundu wina wotsekeredwa m'botolo lachitsulo, umene timautcha gasi. Chomvetsa chisoni n'chakuti motowu tikuulandira ndi manja awiri, koma mwambo wake tikuukana. Mfundo yanga ndi yakuti aliyense amene walowetsa gasi m'nyumba ali ndi udindo woitana mmisiri wophunzira ntchitoyi kuti adzayendere botolo, paipi ndi chitofu chake kamodzi pa chaka, ndipo amene amati kutero n'kutaya ndalama akuika moyo wa banja lake pachiswe.

Wina asaganize kuti ndikunyoza gasi. Aliyense amene anakulira m'mphepete mwa phiri la Mulanje akudziwa mmene mitengo yathera. Mkunguza, mtengo wa fuko lathu, unatsala pang'ono kutheratu ndi macheka, ndipo mitengo ya m'munsi mwa phiri ikupita ku nkhuni ndi ku makala. M'mwezi wa Marichi 1923 sitinali ndi anthu ochuluka chotere, koma pofika mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, tinaona tokha kuti mtunda wometedwa mpala sugwira madzi. M'chaka cha 2017 boma linakhazikitsa ndondomeko ya zaka khumi yothana ndi vuto la makala, ndipo gasi anatchulidwamo ngati njira imodzi yophikira. M'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri lathuli m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse lapansi. Motero banja lililonse limene lasiya thumba la makala n'kugula botolo la gasi lachita bwino. Komatu walira mvula walira matope.

Kuti timvetse kuopsa kwake, tiyenera kudziwa chimene chili m'botolomo. Gasi wophikira ndi mipweya iwiri, propane ndi butane, imene amaipanikiza mpaka isanduke madzimadzi. Lita imodzi ya madzimadziwo ikatuluka imasanduka malita pafupifupi 250 a mpweya. Mpweyawu ndi wolemera kuposa umene timapuma, choncho ukadontha suuluka kupita kudenga ngati utsi, koma umatsikira pansi n'kumadikha m'ngodya, kunsi kwa kabati ndi m'ngalande, monga achitira madzi m'dambo. Ukangokwana magawo awiri okha pa magawo 100 a mpweya wa m'chipinda, kamoto kakang'ono ngati kamene kamathetheka poyatsa magetsi n'kokwanira kusasula denga.

Mwachilengedwe gasi alibe fungo. Fungo lonunkha ngati kabichi wowola limene timalimva amachita kuthiramo dala, ndipo nzeru imeneyi anthu anaigula ndi magazi. Pa 18 Marichi 1937, m'tauni ya New London ku Texas, m'dziko la America, sukulu ina inaphulika ndi kupha ana ndi aphunzitsi pafupifupi 300. Akuluakulu a sukuluyo, pofuna kupulumutsa ndalama, anali atalumikiza mapaipi awo ku gasi wotsala wa kumigodi ya mafuta. Polumikizapo panayamba kudontha, gasi wopanda fungoyo anadzaza kunsi kwa makalasi, ndipo mphunzitsi wina atayatsa makina osalazira matabwa, nyumba yonse inagwa. Patangotha ngoziyo, boma la Texas linalamula kuti gasi azithiridwa mankhwala onunkha, ndipo mayiko ena anatsatira. Phunziro lake n'lakuti ana aja anafa chifukwa cha polumikizira pamodzi pamene palibe anapayendera.

Pamenepa wina anganene kuti, popeza fungo lilipo tsopano, mphuno ndiyo mmisiri wokwanira. Maganizo amenewa ndi achabechabe. Mphuno imagona mwini wake akagona, imatsekeka ndi chimfine, ndiponso imazolowera fungo limene yakhala nalo nthawi yaitali. Kuwonjezera apo, pali mdani wina amene mphuno siimumva konse. Chitofu chikatsekeka timabowo take, kapena chikamayaka m'chipinda chosalowa mphepo, chimatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu. Munthu amangomva mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo akagona sadzukanso.

Nanga mmisiri tiyenera kumuitana liti? Poyamba, pa tsiku lenileni limene tikulumikiza gasi koyamba, pakuti m'mera m'poyamba. Kachiwiri, kamodzi chaka chilichonse, ngakhale zonse zikuoneka bwino. Kwathu kuno nthawi yabwino ndi mwezi wa Epulo kapena Meyi, mvula itangotha, chiperoni cha Juni ndi Julayi chisanatikakamize kutseka mazenera. Mulanje ndi dera la mvula yambiri. Chinyontho chimadyetsa dzimbiri tsinde la botolo ndi timalamba tomangira paipi, kutentha kwa chitofu kumaumitsa mphira mpaka ang'ambike, ndipo makoswe nawo sasiyanitsa paipi ya gasi ndi chikonyo cha chimanga. Kachitatu, polowa m'nyumba imene munali anthu ena, kaya taigula kaya tikuchita lendi, chifukwa sitidziwa manja amene anagwira mapaipiwo. Kachinayi, madzi osefukira akalowa m'nyumba, nthaka ikagwedezeka, kapena amisiri omanga akagumula khoma pafupi ndi pamene padutsa paipi. Kachisanu, ndipo apa palibe kudikira mawa, pamene taona zizindikiro izi: lawi la moto lasiya kukhala labuluu n'kusanduka lachikasu, mapoto akuda ndi mwaye, pakumveka kaphokoso ngati ka njoka, gasi akutha msanga kusiyana ndi kale, kapena ophika akudandaula mutu nthawi zonse.

Mmisiri weniweni sabwera kudzangonunkhiza. Amatseka chitofu n'kuyeza ndi chipangizo chake ngati mphamvu ya gasi ikutsika m'paipi, pakuti ikamatsika ndiye kuti penapake pali kabowo. Amawerenga chaka cholembedwa pa paipi ya mphira, popeza mapaipi otere amayenera kusinthidwa pakatha zaka zowerengeka, kawirikawiri zisanu. Amayang'ana regyuleta, chipangizo chokhala pamutu pa botolo chimene chimachepetsa mphamvu ya gasi, pamodzi ndi kamphira kake kotsekera. Amaonetsetsanso kuti botolo laimirira, lili kutali ndi moto, ndipo khitchini ili ndi polowera mphepo chapansi.

Chodandaula chachikulu cha anthu ndi ndalama. Amati umphawi sulola kulipira munthu pa chinthu chimene sichinawonongeke. Ndikuvomera kuti ndalama ndi yosowa, koma tiyeni tiwerengere bwino. Paipi yatsopano ndi malipiro a mmisiri n'zochepa poyerekeza ndi mtengo wa botolo ndi chitofu zimene tinakwanitsa kugula, ndipo sizingafanane konse ndi malata, katundu wa m'nyumba, kapena miyezi imene mwana wopsa amagona m'chipatala. Ndiponso gasi amene akudontha pang'onopang'ono usana ndi usiku ndi ndalama imene ikuuluka. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chathu chokhulupirira odziwa zonse, anthu amene m'mawa akonza njinga, masana wailesi, madzulo chitofu cha gasi. Oterewa amamanga podontha ndi mphira wa chubu cha njinga, amaika paipi yothirira m'dimba m'malo mwa paipi ya gasi, ndipo ena amayesa podontha ndi machesi. Chubu cha njinga chikaphulika munthu amakankha njinga yake kupita kwawo, koma khitchini ikaphulika pepani sapoletsa chilonda.

Chimodzimodzinso amene amathira gasi m'mabotolo mobisa. Botolo siliyenera kudzazidwa kupitirira magawo 80 pa 100, kuti madzimadzi aja apeze malo ofufumira kukatentha. Usiku wa pa 1 Febuluwale 2024, ku Embakasi mumzinda wa Nairobi ku Kenya, galimoto lonyamula gasi linaphulika pamalo othirira gasi amene analibe chilolezo, pakati pa nyumba za anthu. Anthu ena anafa, ndipo oposa 200 anavulala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mayiko amene anayamba kale kugwiritsa ntchito gasi sanasiye nkhaniyi m'manja mwa chifuniro cha munthu. Ku Britain lamulo limakakamiza mwini nyumba yochititsa lendi kuitana mmisiri wovomerezeka chaka ndi chaka ndi kupereka chikalata chake kwa wokhalamo. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, wolumikiza mapaipi a gasi m'nyumba amayenera kukhala wolembetsedwa, ndipo amapereka chiphaso chotsimikiza kuti ntchito yake ili bwino. Kuno kwathu tili ndi bungwe la MERA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2004, limene limapereka zilolezo kwa ogulitsa gasi, ndiponso bungwe la Malawi Bureau of Standards limene lakhala likuona za ubwino wa katundu kuyambira 1972. Koma chilolezo chopachikidwa m'sitolo sichifika m'khitchini. Boma likamalimbikitsa anthu kuphikira gasi, liyeneranso kuonetsetsa kuti TEVETA ndi sukulu zaumisiri zikuphunzitsa anyamata ndi atsikana ntchito imeneyi, kuti mayi wa ku Limbuli kapena ku Muloza apeze mmisiri wa chiphaso pafupi. Wogulitsa botolo azikakamizidwa kufotokozera wogula za kasamalidwe kake, ndipo eni nyumba za lendi asamakankhire udindo wonse kwa owalipira.

Izi sizitanthauza kuti mwini khitchini angopinda manja. Nthawi iliyonse posintha botolo apake thovu la sopo polumikizira, ndipo pakatuluka timatuza adziwe kuti pakudontha. Akamva fungo atseke botolo, atsekule zitseko ndi mazenera, asakhudze swichi ya magetsi, atulutse ana panja, kenaka aitane wodziwa. Koma monga mayi wodziwa kuzizitsa thupi la mwana wotentha amapitabe naye kuchipatala, thovu la sopo silingalowe m'malo mwa mmisiri.

Inu ophunzira, posachedwapa mudzakhala eni nyumba, aphunzitsi aakulu ndi makhansala. Yambani lero kufunsa kwanu, ngakhalenso m'chipinda chophunziriramo sayansi ngati muli mapaipi a gasi, kuti anawayendera liti komaliza, pakuti safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti nyumba imodzi ikaphulika pa Chitakale, mbiri yake idzafika ku Likhubula dzuwa lisanalowe, ndipo mabanja ambiri adzabwerera ku makala chifukwa cha mantha. Pamenepo tidzakhala titataya ziwiri, anthu a m'nyumbamo ndi mitengo imene yatsala m'phiri.